Tchalitchi, mzikiti ndi bwalo la amfumu: mtendere wa mu Blantyre umachokera kuti?

Pali kanthu kena kamene timachita mu Blantyre muno osakaganizira nkomwe. Banja lachikhristu likakhala ndi chinkhoswe kaya ukwati, ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni, kulikonseko, mbuzi ija sangozinga aliyense ayi. Amatuma mwana kuti thamanga ukawaitane a Che uje abwere ndi mpeni, ndiye neba wachisilamu uja amabwera, kuzinga mbuzi ndi nkhuku zonse, kusamba m'manja nkumapita ku geni yake, madzulo nkubweranso atatchena ngati mlendo. Nkhumba ikakhalapo imaphikidwa kuseri ndi mphika wake ndi chipande chake, ndipo amayi ophika amadziwiratu kuti uko kwakhala a Seventh Day, kumeneko nkhumba ndi mlamba zisapite. Palibe m'busa anaima pagome nkulamula zimenezi, palibenso lamulo la khonsolo. Tinangokula tikudziwa kuti munthu amene wamuitana ayenera kudya momasuka.

Ndayambira pa mbuzi dala. Tikamakamba za chipembedzo ndi mtendere ambirife timathamangira kwa a PAC (Public Affairs Committee, bungwe lobweretsa pamodzi atsogoleri a zipembedzo zosiyanasiyana), kwa mabishopu, ku misonkhano ya m'mahotela imene timaiona pa TV, ndipo zimenezo nzofunika, ndizikamba. Koma mmene ndimaonera ine, akuluakulu aja amatha kukhala pa tebulo limodzi chifukwa anthu awo m'makomboni muno anayamba kale kudyera mbale imodzi. Ndipo malo amene mtenderewu wakhala ukutsimphina ndi pomwe pali munthu amene tonse tamuona ngati si wathu.

Mzinda uno unayamba ngati mishoni. Mu 1876 a Church of Scotland anakhazikika pa malo a mfumu Kapeni, malo amene anasankha Henry Henderson, yemwe dzina lake lili pa sukulu ya HHI (Henry Henderson Institute) mpaka lero, nkuwatcha Blantyre potengera kwawo kwa David Livingstone ku Scotland. Chimene ambiri sadziwa nchoti mishoniyo inayamba kuweruza milandu kuyambira pachiyambi pomwe, ndipo poyamba inaweruza moipa. Amishoni oyambawo ankakwapula anthu, munthu wina mpaka anachita kuphedwa ataweruzidwa pa mishoni pompo, nkhani inamveka mpaka ku Scotland, atsogoleri ake nkuchotsedwa. David Clement Scott atabwera mu 1881 anatenga njira ina, ankakhala pansi kumva mlandu mwachikuda mbali zonse zikulankhula, anasankha madikoni achikuda kuti azithandiza kuyendetsa mpingo, ndipo ndi iyeyo anamanga St Michael and All Angels kuyambira 1888 mpaka 1891 pamodzi ndi anthu akuno amene anaumba ndi kuwotcha njerwa pomwepo. Harry Kambwiri Matecheta ndi Stephen Kundecha anadzozedwa ubusa mu 1911. Nde mukamaona lero anthu akupita ndi mlandu wa banja kwa akuluampingo, dziwani kuti sizinayambe dzulo.

Chisilamu nacho sichinabwere mmbuyo mwa tchalitchi. Jumbe anali atakhazikika kale ku Nkhotakota m'ma 1840, ndipo mafumu achiyawo monga Makanjira, Mponda ndi Jalasi anatenga Chisilamu kudzera m'malonda awo ndi anthu a ku gombe la nyanja ya mchere. Kenaka Joseph Booth anafika mu 1892 nkuyambitsa mishoni ku Mitsidi, wophunzira wake John Chilembwe nkudzatsegula mishoni ya PIM (Providence Industrial Mission) ku Mbombwe ku Chiradzulu mu 1900, Akatolika a chipani cha Montfort nkufika ku Nzama mu 1901, a Seventh Day ku Malamulo mu 1902. Onjezerani amwenye a ku Limbe, ena Asilamu ena Ahindu, Alhomwe ochokera ku Mozambique odzagwira ntchito m'maesiteti, Amang'anja eni nthaka, Angoni, Asena, Atumbuka odzagwira ntchito za muofesi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'dziko lonse Akatolika anali pafupifupi 17 pa 100 alionse, a CCAP 14, Asilamu nawonso pafupifupi 14, otsalawo nkugawikana m'mipingo yambirimbiri. Palibe mpingo umodzi umene ungadzitame kuti dziko ndi lake, ndipo zimenezi zatithandiza kwambiri kuposa mmene timaganizira.

China chimene chimatimanga ndi mbumba. Kuno kummwera ambirife mtundu timatengera kuchikazi, ndiye mwini mbumba ndi malume. Tsono malume aja akhoza kukhala Msilamu wa Swala zisanu, mlongo wawo ndi mayi wa Mvano, mwana wa mayiyo amapemphera ku Living Waters kaya ku tenti ina ya mneneri ku Machinjiri, koma tsiku la chinkhoswe amene akaimirire kutsogolo ndi malume omwewo ndi kapu yawo kumutu. Ungayambe bwanji kugenda mzikiti umene malume ako amaswaliramo? Ngakhale Arkibishopu wa Akatolika wa Blantyre, Thomas Msusa, anabadwira m'banja lachisilamu ku Mangochi. Kwa ife zimenezi si zodabwitsa, mabanja ambiri ali choncho.

Koma pamene zonsezi zimaonekera bwino ndi pamaliro. Munthu akangotsikira kuli chete, uthenga woyamba umapita kwa amfumu kapena bulokulida, wachiwiri ku mpingo kapena kwa shehe, ndipo ntchito imagawika yokha popanda wolemba pa pepala. Anyamata amaika masamba pamsewu, wa minibasi amatsitsa wailesi, wa njinga amatsika nkumakankha. Amuna amagona panja pa moto, amayi m'nyumba ya siwa. Akakhala wa CCAP, a mlaga wake amafika usiku womwewo ndi nyimbo, m'mawa amayi a Mvano ndi bulauzi yoyera, duku loyera ndi siketi yakuda atenga malo awo pafupi ndi bokosi. Akakhala Mkatolika ndi a limana lake, akakhala wa Seventh Day ndi amayi a Dorika. Akakhala Msilamu zinthu zimayenda mwachangu, kusambitsa, kukulunga mu sanda, kunyamula pa jeneza amuna akulandizana phewa ndi phewa, nthawi zambiri tsiku lomwelo kapena mawa lake, amayi nkutsala pakhomo. Neba wachikhristu amadziwa kuti apa sipaimbidwa kwaya ndipo palibe nkhata, amangolowa pa mzere nkulandira jeneza lija nayenso. Ufa, nkhuni, ndiwo zimachokera khomo lililonse la mu layini imeneyo, ndipo amene amayenda ndi kope lolemba chipepeso safunsa kuti inu mumapemphera kuti. Adzukulu kumanda nsima yawo imapita yoyamba.

Akuluakulu amati maliro nkulirana, ndipo mawu amenewa ali ndi mano. Munthu wosapita m'maliro a anzake, tsiku limene zamugwera anthu amabwera ndithu koma amangokhala manja lende, ena mpaka amfumu amayamba amulipiritsa kaye mwambo usanayambe. Chilango chimenechi chimaopedwa kuposa samani ya kukhoti. Ndipo chifukwa aliyense amadziwa kuti tsiku lina adzafuna neba wake kuti amunyamulire bokosi, mkangano wa malire a puloti kaya wa madzi oipa olowa pakhomo pa mnzako anthu amayesetsa kuti usafike pa udani weniweni.

Tinaziona zimenezi mu Malichi 2023 pamene namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche, matope nkukwirira nyumba ku Chilobwe ndi madera ozungulira. Anthu ankafukula anzawo ndi makasu ndi manja. Amene anapulumuka anakadzaza m'masukulu ngati ku Naotcha ndi ku Manja, m'matchalitchi ndi m'mizikiti, ndipo magalimoto obweretsa ufa ndi mabulangete anali a mipingo, a mabungwe achisilamu, a amwenye a ku Limbe, onse pamzere umodzi. Boma lisanafike bwinobwino, amene anali ndi mndandanda wa kuti nyumba iyi munkagona anthu angati anali a mlaga, a limana, a kumzikiti ndi amfumu.

Pamaliro pomwepo ndi pamenenso chipembedzo chimapweteka nthawi zina. Munthu anadulidwa mgonero chifukwa cha mowa kaya mitala, kapena anasiya kupereka zamumpingo, wamwalira, mpingo nkunena kuti ife sitiimba ameneyu. Ndinakhalapo pa maliro otero, bokosi likutuluka m'nyumba kuli zii, mayi wamasiye akuyang'ana pansi, mpaka amayi ena a mpingo wina anangoyambitsa nyimbo okha chifukwa cha chisoni. Ndimamvetsa kuti mpingo uli ndi malamulo ake, koma womwalirayo sakumvanso kanthu, chilango chonse chimagwera mkazi ndi ana, ndipo ana otero amakula ndi chilonda ndi tchalitchi.

Milandu ya m'banja nayo ili ndi njira yake, ndipo khoti ndi lomalizira. Poyamba ndi ankhoswe, wa kuchimuna ndi wa kuchikazi. Zikakanika apo nkhani imapita kwa akuluampingo kapena kwa shehe, kenako kwa amfumu, ndipo pokhapokha zikafika pa mwana wakana phala mpamene anthu amapita ku Victim Support ku polisi kapena kwa majisitireti. Ubwino wake ngwoti anthu amenewa amakudziwani nonse, salipiritsa ndalama za loya, ndipo cholinga chawo nchoti mawa mudzathe kupatsana moni. Khoti limagamula kuti wolakwa ndi uyu basi, pamene ankhoswe amafuna kuti ana adye. Lamulo la maukwati la 2015 linavomereza ukwati wa kumpingo, wa kumzikiti ndi wachikhalidwe kuti onse ndi maukwati enieni, linaikanso zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja.

Koma apa ndiyenera kunena mosapsatira. Mawu oti banja ndi kupirira avulaza amayi ambiri. Mayi wabwera ndi diso lotupa, akuluampingo nkumuwerengera vesi, kupemphera, kumubweza kwa yemwe wamumenyayo kuti mukakhululukirane. Pakhomopo pamakhaladi bata, koma mayi uja akungomenyedwabe mwakachetechete. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja lilipo kuyambira 2006, ndipo abusa ndi mashehe amene amati nkhani ya kumenya ndi kugwirira si ya kuvesitile, pitani ku polisi ndikuperekezani, amenewo ndimawapatsa ulemu kwambiri. Alipo ndithu, ndipo akuchuluka.

Pa miyambo ya makolo nkhani yake ndi yokokanakokana. Amishoni anapeza chinamwali nkuchiletsa, koma anaona kuti makolo sangalole mtsikana kutha msinkhu popanda womulangiza, akapita nayebe usiku kwa anankungwi. Ndiye mipingo inayambitsa chilangizo, amayi a Mvano ndi alangizi a kumpingo nkutenga ntchito ya anankungwi, kusiya zina kusunga zina. Asilamu achiyawo jando ndi nsondo anazilowetsa m'moyo wawo wa chipembedzo kalekale, moti holide ya Ogasiti ikafika mumva ng'oma ndi nyimbo za anyamata otuluka ku ndagala ngakhale m'tauni muno, atavala zatsopano, achibale akuwafupa. Masiku ano makolo ambiri mdulidwe amakapangitsa ku chipatala, ku ndagala nkungopita kukamva mwambo, ndipo kusintha kumeneku kunatheka pamene mafumu, angaliba ndi mashehe anakhala pansi ndi azaumoyo. Chimodzimodzi kulowa kufa ku Chikwawa ndi ku Nsanje, Edzi itavuta mafumu ndi mipingo anagwirizana kuti mwambo ukhale wa mankhwala kapena pemphero, osati kugona ndi wamasiye.

Gule Wamkulu ndiye anakokana ndi mpingo kwa zaka zambiri makamaka m'chigawo chapakati, munthu ankayenera kusankha, dambwe kapena kalasi ya ubatizo. Komabe ku Mua wansembe wachikatolika Claude Boucher anatsegula Kungoni mu 1976 nkuyamba kusunga ndi kufotokoza zigoba za gule mmalo mozitentha, ndipo mu 2005 UNESCO inauika gule pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse. Ku Khulubvi ku Nsanje kachisi wa Mbona alipobe. Ku Chonde pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe anthu omwe amavina tchopa ndi omwewo mawa lake ali mu kwaya. Ngakhale pakati pa Asilamu okhaokha pakhala kusiyana kwa nthawi yaitali, a Qadiriyya amene amachita sikiri, ziyala ndi sadaka ya womwalira, ndi a Sukuti amene amati pamaliro pazikhala chete ndipo zina mwa izi nzowonjezera. Nchifukwa chake pali mabungwe awiri, Muslim Association of Malawi (MAM) ndi Quadria Muslim Association. Ife Akhristu tomwe timamanga chiliza pakatha chaka, kuphika, kuitana abusa adzapemphere, pansi pamtima agogo amadziwa kuti akugoneka mzimu. Abusa nawo amadziwa, amangosankha vesi loyenera.

Pamene pamandiwawa kwambiri ndi pa nkhani ya ufiti. Kale woloza mfiti anali sing'anga, lero nthawi zambiri ndi mneneri wa maikolofoni amene amauza mnyamata wosowa ntchito kuti amene anakumanga ndi agogo ako a kumudzi. Mawu amenewo amapha. Mu Januwale 2016 ku Neno anthu okalamba anayi anaphedwa mphenzi itapha mtsikana. Mu 2017 mphekesera ya anamapopa inayambira ku Mulanje ndi ku Phalombe inafika mpaka mu Blantyre muno, anthu osalakwa nkuphedwa pamsewu ndi magulu a anthu olusa. Lamulo la 1911 limati kuloza munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, koma amene amatha kuimitsa gulu lonyamula miyala si buku la malamulo, ndi m'busa kapena shehe kapena mfumu imene anthuwo amaiopa, ikaima pakhomo pa gogoyo nkunena kuti muyambe mwandipha ine. Mneneri woloza mfiti ndi m'busa woteteza gogo uja onse anyamula Baibulo lomwelo.

Tsopano tibwere ku za dziko. Amene anali wamkulu mu 1992 akukumbukira Lamulungu la pa 8 Malichi, pamene kalata ya mabishopu achikatolika ija ya Living Our Faith inawerengedwa m'matchalitchi onse a Katolika. Inakamba za malipiro ochepa, za zipatala ndi masukulu, za anthu omangidwa popanda mlandu, za mantha olankhula, zinthu zimene aliyense ankazidziwa koma palibe ankayerekeza kuzitchula ngakhale kuchipinda. Boma linati kalatayo ndi youkira, mabishopu motsogozedwa ndi Arkibishopu James Chiona wa Blantyre anaitanidwa ku polisi nkufunsidwa kwa maola ambiri, malo osindikizira mabuku a Montfort ku Balaka anatenthedwa, Monsignor John Roche nkuthamangitsidwa m'dziko. Mu Epulo Chakufwa Chihana anamangidwa atangotsika ndege, mu Meyi ogwira ntchito ku David Whitehead ananyanyala, zipolowe nkubuka mu Blantyre ndi Limbe, anthu ambiri nkuwomberedwa. Dziko likanatha kulowa m'nkhondo pamenepo, anzathu a ku Mozambique anali asanamalize nkomwe yawo ndipo othawa nkhondo tinali nawo tomwe.

Chimene chinachitika nchoti a CCAP, Anglican ndi mipingo ina anaima pambuyo pa Akatolika, Asilamu nawo analowa, pamodzi ndi maloya, amalonda ndi magulu a UDF ndi AFORD, nkupanga Public Affairs Committee chaka chomwecho. Kamuzu, yemwe ankanyadira kuti ndi mkulu wa mpingo wa Church of Scotland, anasankha komiti ya nduna zake kuti izikambirana nawo. Kukambirana kumeneko ndi kumene kunabala referendamu ya pa 14 Juni 1993, anthu pafupifupi 63 pa 100 alionse nkusankha nyali ya matipate, kenako chisankho cha pa 17 Meyi 1994. Ndipo taonani, dziko limene ambiri ndi Akhristu linasankha Msilamu, Bakili Muluzi, ndipo chikondwerero cha Eid pakutha pa Ramadan chinadzakhala holide ya dziko lonse. Muluzi yemweyo atafuna kuchotsa malire a materemu mu 2002, mipingo inakana poyera, bilu ija nkugwa mu Palamenti posowa mavoti atatu okha.

Koma tisamakambe 1992 ngati kuti mipingo inali yolimba mtima nthawi zonse. A Mboni za Yehova analetsedwa mu 1967 chifukwa chokana kugula khadi la chipani. Anamenyedwa, nyumba zawo kutenthedwa, kuchotsedwa ntchito, amayi kugwiriridwa, zikwizikwi kuthawira ku Zambia ndi ku Mozambique makamaka mu 1972, ndipo chiletsocho chinachotsedwa mu 1993. Zaka zonsezo maguwa ambiri anali chete, ndipo ena mwa a Youth amene ankachita zimenezi Lamulungu ankakhala m'tchalitchi. Anthu aja tinawaona ngati si anzathu, ndiye palibe anawalirira. Nkhani imeneyi sitimaikamba mokwanira.

Pakati pa Akhristu ndi Asilamu napo moto unabukapo, ndipo mukayang'anitsitsa nthawi zambiri kumbuyo kwake kumakhala ndale kapena sukulu. Zotsatira za chisankho cha 1999 zitatuluka, mizikiti ina inatenthedwa kumpoto, anthu akupsera mtima Muluzi nkukalipsira Msilamu wamba. Mu 2000 panali mkangano wa phunziro la Bible Knowledge pamene boma linafuna kuika lina lophunzitsa zipembedzo zonse. Mu Juni 2003 amuna asanu akunja anagwidwa mu Blantyre muno powaganizira za al-Qaeda nkutulutsidwa m'dziko ngakhale khoti linali litaletsa, Asilamu anakwiya, ku Mangochi matchalitchi nkuphwanyidwa. Kenako nkhani ya hijabu, imene inafika poipa mu Novembala 2019 ku M'manga ku Balaka pa sukulu ya Anglican, anthu kuvulazana, katundu wa mbali zonse kuwonongeka, sukulu kutsekedwa ana nkukhala pakhomo.

Nkhani ya hijabuyi gwero lake ndi lakale. Masukulu ambiri anamanga ndi amishoni, ndipo nthawi ya atsamunda makolo achisilamu ambiri sankatumiza ana ku sukulu poopa kuti akawabatiza ndi kuwasintha dzina, nchifukwa chake maboma ngati Mangochi ndi Machinga anatsalira pa maphunziro. Lero sukulu ndi ya mpingo koma aphunzitsi amalipidwa ndi boma, ndipo m'madera ena ana ambiri m'kalasimo ndi Asilamu. Mpingo ukuti sukulu ndi yathu yunifomu timaika ndife, kholo likuti msonkho ndimapereka nanenso ndipo mwana wanga savula mpango. Onse ali ndi mfundo. A PAC anayenda nayo nkhaniyi kwa nthawi yaitali mpaka mu 2021 mbali zonse zinasaina mgwirizano wolola hijabu yogwirizana ndi mtundu wa yunifomu. Palibe anapeza zonse zimene ankafuna koma atsikana anabwerera m'kalasi. Ma Rasta okha analibe mpando pa tebulo limenelo, iwo anachita kupita kukhoti, ndipo mu Meyi 2023 High Court ku Zomba inagamula kuti ana a madiredi azilandiridwa m'masukulu a boma.

Blantyre yaonanso azipembedzo akudzudzula mtsogoleri maso ndi maso. Anthu 20 ataphedwa pa zionetsero za pa 20 Julaye 2011, pa mapemphero a dziko lonse ku Comesa Hall mu Ogasiti, Bishopu Joseph Zuza analalikira Bingu wa Mutharika ali pompo, nkunena kuti munthu wodziona ngati amadziwa zonse yekha ndi chitsiru. Mu Malichi 2012 msonkhano wa PAC ku Limbe Cathedral unauza Bingu kuti atule pansi udindo kapena aitanitse referendamu. Mu 2014 ndi mu 2019 PAC yomweyo inasainitsa opikisana pa upulezidenti lonjezo la mtendere, ndipo zionetsero za 2019 zitavuta gulu loyenda pakati pa mbali zokanganazo linatsogoleredwa ndi Arkibishopu Msusa. Tinene zoona, ulendo umenewo sanathe kuwagwirizanitsa, nkhani inathera ku khoti pa 3 Febuluwale 2020. Koma zinathandiza kuti pakhale anthu amene akhoza kugogoda ku State House m'mawa, masana nkukakhala ndi otsutsa, onse nkuwatsegulira chitseko.

Mphamvu imeneyi imatha pamene anthu ayamba kukayikira kuti abusa adya. Tonse timaziona nthawi ya kampeni, wandale wafika pa Paper Sunday ndi envelopu yonenepa, wapatsidwa maikolofoni mkati mwa mapemphero, sabata yotsatira gulu la abusa osadziwika bwino lili pa TV kutsutsa kalata ya mabishopu. Masinodi a CCAP nawo anthu amawaona ngati aliyense ali ndi chigawo chake ndi chipani chake, ndipo mkangano wa malire pakati pa Nkhoma ndi Livingstonia unatenga zaka, mpingo umodzi womwewo. Lazarus Chakwera, amene anatsogolera Assemblies of God kwa zaka zoposa 20, atakhala pulezidenti mu 2020 ena ankayembekeza kuti azibusa anzake achita manyazi kumudzudzula, koma makalata a mabishopu anatulukabe owawa pa nkhani ya katangale ndi kukwera mitengo kwa zinthu, ndipo anachita bwino. Wolowa pakati pa okangana akangodziwika kuti ali ndi mbali, basi ntchito yake yathera pomwepo.

Pano tili ndi lamulo la 2022 limene linakhazikitsa Malawi Peace and Unity Commission, ndi makomiti a mtendere m'maboma momwe mumakhala mafumu, azipembedzo, amayi ndi achinyamata. Ndi chinthu chabwino. Nkhawa yanga ili pansi pano. Tauni ikusintha, ambiri tikukhala m'mipanda ya njerwa neba osamudziwa dzina, chipepeso timangotumiza pa Mpamba kapena Airtel Money osapondako pa siwa, ana athu akukula osagonapo pamaliro a munthu wa chipembedzo china. Mitsutso ya Baibulo ndi Korani imene kale inkachitikira pa msika, anthu nkuseka nkubalalika kukakwera minibasi imodzi, pano ikujambulidwa pa foni nkudulidwa pamene pali chipongwe pokhapo. Amfumu a ku Mbayani kaya ku Zingwangwa akhoza kuitanitsa anthu awiri otukwanizana pa mpopi nkuwakhazika pansi pamaso pa shehe ndi mkulu wa mpingo, koma mwini peji ya Facebook amene ali ku Johannesburg sangamuitanitse, ndipo kakanema kaja pofika madzulo kamakhala katazungulira kale m'magulupu a WhatsApp a kumpingo ndi a kumzikiti komwe.